Tinali Asanu ndi Mmodzi

Tinali asanu ndi mmodzi pakhomo pa lole iyi.
Maina ndikuwasungabe:
Yotamu, Gezani, Mkhuzo wa ku Mtenguleni,
Penyani wamanzere, Lekani, ndi ine.
Bokosi linkayenda lokha, m'manja kupita m'manja,
ngati njerwa pomanga tchalitchi,
ndipo mpata woseka unkapezeka.

Lero tili atatu.
Lole sinafupike.

Imafika folo koloko, kusanache,
fumbi la Nyimba ndi Petauke lili m'matayala,
dalaivala akutikita maso, akufunsa tiyi.
Mphepo ya Juni yotsika ku Kanjala
imaluma zala tisanagwire kanthu.
Timatsitsa za ku Lusaka,
kenako tidzaze timotoka titatu:
ka Lundazi, ka Chadiza, ka Mfuwe.
Ikamakwana sikisi tikhale tanyamuka, amatero a Sakala,
diso pa wotchi, foni kukhutu.

Akuti ku likulu anawerengera pa kompyuta:
munthu mmodzi, mabokosi awiri pa mphindi.
Kompyutayo sinasenzepo batire ya sola.
Siidziwa kuti mabokosi amasiyana mitima.
Lina ndi nsapato za mkwatibwi,
umalinyamula ndi zala ziwiri.
Lina ndi chitsulo cha chigayo
chobisala m'katoni ya mabisiketi
kuti chikupusitse, chikuthyole msana.
Papepala onsewo ndi limodzi, limodzi.

Gezani wayamba kumanga chiuno ndi mphira wa njinga.
Mkhuzo anasiya kuimba;
akuti mpweya woimbira ndi womwewo wonyamulira.
Magetsi akathima ine ndimaluma foni m'kamwa,
tochi yake ikuunika maina pa zomata.

Kupakira ndi luso, musamve za anthu.
Zolemera pansi, zosweka pamwamba,
za ku Chipangali pafupi ndi chitseko poti zitsika msanga.
Koma manja akachepa luso limathawa,
umangokankhira pomwe waona mpata.
Sabata yatha galasi la sitolo ya ku Lumezi
linafika lili mchenga.
Anatidula makwacha eyite aliyense.

Tinapempha munthu mmodzi yekha,
waganyu, wa Lachisanu ndi pakutha pa mwezi.
A Sakala sanakalipe.
Anatitembenuzira foni kuti tiwerenge tokha
mmene nawonso amawatafunira akumwamba.
Kenako anavula jekete, nagwira nafe.
Bokosi lakhumi linawakhazika pa sikelo,
akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda.
Kuyambira tsikulo akamatchula sikisi koloko
amayang'ana kumbali.

Dzana ndinagwira katoni yomanga ndi chingwe cha buluu.
Mfundo ndinaidziwa ndisanawerenge dzina,
mfundo yotembenuka, ya munthu wamanzere.
Wotumiza: Penyani Mvula, Solwezi.
Wolandira: Tisauke, kuseri kwa msika wa Chadiza.
Makilo naintini.
Mkati munkagubuduka zitini, mwina sopo, kaya.
Pambali, ndi bolopeni yokanika, anali atalemba:
Anyamata, pindani maondo, osati msana.
Mukadali atatu?

Ndinaitana anzanga.
Tinaima tonse mphindi yathunthu,
mabokosi asanu ndi limodzi otayika mu kompyuta,
limodzi la aliyense amene tinali pano.
Gezani anaseka mpaka anagwira chiuno.
Mkhuzo anapukuta katoniyo ndi malaya ake,
naiika pamwamba pa zonse, pamalo pa zosweka,
ngakhale inali yolemera.

Dalaivala wa Chadiza analiza hutala.
Kunja a njinga anali atayamba kale kutsetsereka ku Kapata,
amayi a tomato kumbuyo, madengu pamiyendo.
Kumwamba kwa phiri kunali kutafiira.
Pansi panali patatsala mabokosi makumi anayi,
ndi matiresi, ndi njinga ya mwana yopanda chishalo.

Ndinapinda maondo.